Wotchi ya Mkamwini

"Mbale imeneyo ine sindinyamula, amjomba. Kafuneni wina."

Ajira ananena izi maso ali pa usipa umene ankatembenuza pathandala. Mawuwa anali atawabwereza kuyambira sabata ya maliro, moti tsopano ankangotuluka okha, opanda ukali, ngati chifuwa chokhalitsa. Amjomba ake, Che Jaffalie, mlongo wa malemu mayi ake, anali atayedzamitsa njinga pamtengo wa mango, iwo atakhala pachitsa akudzikupiza ndi mzuli.

"Iwe mwana umayankhula ngati tikufuna kupha munthu. Kusudzula ndi ulemu. Mkazi wapita, ukwati watha, mwamuna timam'masula akapume kwawo. Sunamve kuti mlendo ndi mame?"

"Mame ake ati okhala zaka makumi anayi osakamuka?"

Mlendo amene ankanenedwayo anali bambo ake a Ajira, Che Sulemani. Anatsika kumapiri a ku Katuli ali mnyamata kudzakwatira ku Lungwena, ndipo monga mkamwini aliyense anamanga pamudzi pa mkazi. Tsopano mkaziyo, Abiti Swadick, anali kumanda, ndipo sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni, inali kuyandikira. Pamtundu pa a Ajira, tsiku limenelo duwa, pemphero la malemu, ikatha, mkazi wa magazi a malemu amagwada pamaso pa wamasiye atanyamula mbale, pambalepo pali kanthu, kaya khobidi kaya mpeni. Wamasiye akalandira, ndiye kuti wamasulidwa, chotsala n'kumanga katundu. Mwamuna sasudzula mwamuna mnzake. N'chifukwa chake Che Jaffalie ankatha matayala a njinga kudzavutitsa mwana wa mlongo wawo.

Analipo mng'ono wa malemu, make Naima, amene akanatha kunyamula mbaleyo, koma ankaopa pakamwa pa anthu. Mudzi wonse unkadziwa kuti nyumba ya Che Sulemani, ya njerwa zootcha ndi malata, yoyang'ana kumsewu, inali italonjezedwa kale kwa mwana wake Naima ndi mwamuna wake Zubair wa ku Joni, amene ankafuna kutsegula golosale kukhonde. Nyumbayo Che Sulemani anaimanga ndi msana wawo, akukoka khoka la chilimira mpaka zikhatho kuuma ngati chikopa. Koma pachikamwini msana ndi wako, nyumba ndi ya eni dothi.

"Inunso ku Malindi kuja ndinu mkamwini, amjomba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Che Jaffalie anaseka, nati awo akazi ali ndi moyo ndipo akudya bwino. Kenaka anavala mzuli, kuseka kuja n'kuzimiririka.

"Uziganiza bwino, Ajira. Thandala ili laima pa dothi la mbumba. Kanyumba kakoko, munda wako wa kudambo, zonse n'za mbumba, ndipo woyang'anira mbumba ndine. Bambo ndi wobereka chabe. Tsiku la mavuto udzathamangira kwa ine."

Atapita, Ajira anazungulira kuseri kwa nyumba ya njerwa ija. Bambo ake anali pomwe ankakhala masiku onse chimwalirireni akazi awo, akusoka ukonde wakale umene palibe akanauponyanso m'madzi. Sanafunse kanthu. Anthu ankati Che Sulemani ayamba kugontha, koma Ajira ankadziwa kuti makutu a nkhalamba amagontha mosankha. Anali atamva zonse.

Wotchi inapezeka sabata yomweyo, akazi a pamudzi atatsegula bokosi lachitsulo la malemu kuti agawane nsalu. Inali pansi penipeni, yokulungidwa mumpango wakale, galasi litachita nkhungu, lamba atadyeka, mivi itaima. Akaziwo anaitembenuza uku ndi uku, ndipo ataona kuti ndi yakufa anam'ponyera Ajira. Ikanakhala yamoyo bwenzi itapeza mwini pomwepo.

Inali ya mtundu wakale, yopanda batire, yochita kupukusa m'mawa uliwonse. Abiti Swadick anawagulira amuna awo m'sitolo ya Mmwenye ku boma chaka chimene Ajira anabadwa, atasunga mobisa phindu la chambo chowamba, nthawi ija chambo chikadali ndiwo za anthu wamba. Mudzi unamuseka kuti mkazi wanji wogulira mkamwini wotchi, iye n'kumangoyankha kuti wake mkamwini ndi wa wotchi. Che Sulemani anaivala zaka zambiri, mpaka tsiku limene mwera unagubuduza bwato lawo. Iwo anapulumuka, wotchi inamwa madzi.

Ajira atawapatsa wotchiyo bambo akewo, anaiyika kukhutu ngakhale ankadziwa kuti samvamo kanthu.

"Amayi ako ankati aikonzetsa usipa ukagwa bwino," anatero. "Usipa wagwa kangati?"

Anaibweza m'manja mwake n'kutolanso ukonde wawo. Ajira mtima unamupweteka. Bambo ake anali atasiya kudya bwino, kumzikiti ankafika anzawo akutuluka, ndipo iye analibe chowapatsa. Mchimwene wake yekhayo anali ku Joni, foni yake inkangolira ngati yagwera m'chitsime. Mwamuna wake anam'siya kalekale ndi ana awiri. Mphamvu zolimbana ndi amjomba zinali kutha. Koma kawotchi aka, anaganiza, akanatha kukadzutsa.

Anakwera matola m'mawa mwake, nawoloka mlatho wa pa Shire kulowa m'tauni. Pamsika anafunsa anthu ambiri asanapeze wokonza mawotchi, poti masiku ano nthawi aliyense amaiyang'ana pafoni. Pomaliza anam'lozera kukhonde la sitolo ina, kumene Che Sameer, mkulu wa ndevu zoyera, anazunguliridwa ndi mafoni osweka. Ataona wotchiyo anakankhira mafoni pambali ngati munthu amene mnzake wakale wam'peza. Anavala kagalasi kudiso limodzi, natsegula kumbuyo kwake ndi kampeni, n'kupukusa mutu. Mkati munali dzimbiri lofiira. Anati madzi analowa n'kugonamo zaka, sipuling'i inaduka, ndipo yatsopano ya mtundu umenewo sangaipeze ngakhale ku Blantyre. Koma anatulutsa pansi pa tebulo chitini chodzaza ndi mawotchi akufa, nati mwina mmodzi mwa akufawa angabwereke mnzake mtima. Anamuuza kuti abwere sabata yamawa.

Sabata yamawa ya mmisiri amaidziwa ndi mmisiri yemwe. Ajira atabwerera anapeza wotchi ya bambo ake ili zidutswazidutswa pansalu yoyera, timawilo tating'ono ngati mamba a usipa tikuviikidwa mu petulo m'kachivindikiro ka botolo. Che Sameer ankatitola kamodzikamodzi, kutipukuta ndi nthenga, n'kudontheza mafuta ndi nsonga ya singano. Sipuling'i anali ataipeza. Galasi anali akulikwecha ndi mankhwala otsukira mano, ndipo lamba watsopano anapatsa wosoka nsapato wa pafupi kuti adule pachikopa chabwino. Zonse zinali bwino, kungoti sizinathe. Ajira anabwerera manja ali m'khosi, napeza usipa wake utanyowa ndi kamvula kowaza, popeza panalibe woanula.

Masiku amenewo Ajira sankagona tulo tokwanira. Kunali kufuna nkhuni za sadaka, kubwereka mapoto akuluakulu, kupeta mpunga, kuthamangira kudoko mbandakucha kuti asaphonye nsomba, kuphikira ana, kunyengerera bambo ake kuti alaweko phala. Miyendo inkachita kutupa. Ndiye kutatsala pang'ono kuti tsiku lifike, Che Jaffalie anatulukira ndi thumba la mpunga pakaliyala, nkhope ili yofewa ngati ya munthu wochokera ku Haji.

Anati aganiza mofatsa, ndipo nkhani ya mbale ija aisiye kaye. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo sangadane ndi mwana wa mlongo wawo chifukwa cha njerwa. Anati amva kuti akukonzetsa wotchi ya alamu awo, chinthu chabwino kwambiri, ndipo poti iwo akupita ku boma kukagula shuga ndi masamba a tiyi, akam'tengera. Ajira anawathokoza mpaka misozi kulengeza. Munthu wotopa amakhulupirira msanga, chifukwa kukayika nakonso kumafuna mphamvu.

Tsiku la arobaini anthu anadzaza bwalo. Amuna anakhala pamikeka pansi pa mango, makanzu ali mbuu, shehe ali pakati. Akazi anali kuseri, pa utsi. Ajira anali ataima pamoto kuyambira kusanache, akuvundula mpunga ndi mthiko wautali ngati nkhafi, maso ali psuu. Duwa inatha, chakudya chinapita, mbale zinabwerera zopanda kanthu. Anali atangokhala pansi koyamba tsiku limenelo pamene amjomba ake anazungulira kuseriko ndi kaphukusi ka pepala.

"Nayi. Kawapatse bambo ako pompano, aseke pang'ono. Ayamba kale kulira lero."

Ajira anafutukula pepalalo. Poyamba sanaizindikire. Galasi linali kuwala, manambala akuoneka onse, lamba akununkha chikopa chatsopano, ndipo kamuvi kakang'ono kankayenda. Anaiyika kukhutu. Kugunda kuja kunali komwe kuja ankakumva ali mwana, atatsamira padzanja la bambo ake m'bwato. Zonse zinachoka m'mutu mwake, amjomba, nyumba, Zubair, kutopa. Anadzuka kuti athamange nayo.

"Iwe, manja akowo ali mafuta okhaokha, uipitsa lamba," anatero make Naima, amene anali pambali pake. "Ika apa."

Anam'patsira kambale kachitsulo koyera, kotsukidwa bwino. Ajira anaikapo wotchi, nakonza mpango kumutu, n'kulowa pabwalo la amuna akumwetulira. Sanaone kuti nkhani zonse zaduka. Sanadziwe kuti amjomba ake anali atauza kale akuluakulu kuti mwana wavomera, ndipo abweretsa yekha. Anagwada pamaso pa bambo ake, natambasula manja onse awiri.

Che Sulemani anayang'ana mbale, kenaka nkhope ya mwana wawo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatola wotchiyo, naimanga padzanja lamanzere pang'onopang'ono, monga ankachitira kale.

"Mwaona nonse," anatero Che Jaffalie ataimirira. "Mwana wawo yemwe wawamasula alamu athu. Osati ndi khobidi ayi, koma ndi chinthu chaulemu. Alamu, munakhala nafe bwino. Njira yayera."

Akuluakulu anavomereza chapansipansi kuti zayenda mwamtendere. Apo m'pamene Ajira anayang'ana chimene chinali m'manja mwake. Mbale inagwa, n'kugubuduzika mpaka pamapazi a shehe. Anayamba kufotokoza kuti si zimenezo, kuti ndi mphatso chabe, kuti am'pusitsa, koma akazi anali atam'gwira kale m'mapewa akuti asachititse manyazi pa sadaka ya mayi ake. Ena anati n'chisoni chabe, mwana aliyense amalira akasudzula bambo ake. Shehe anayang'ana pansi. Ajira atawatsatira pambuyo pake, anati za mbale sizili m'Buku, ndi za pamudzi, ndipo za pamudzi iwo salowerera.

M'mawa mwake anapeza bambo ake atakhala pakhonde, chikwama chili pambali, akupukusa wotchi.

"Ababa, Mulungu ndi mboni, sindinadziwe."

"Ndikudziwa, mwanangu. Nkhope yako ndinaiona. Inali ya mwana amene wabweretsera bambo ake chinthu chabwino."

"Nanga munalandiriranji? Mukanangokana, bwenzi zitathera pomwepo."

"Ndikanakana iwe pamaso pa anthu onse aja? Ndikanakana wotchi ya amayi ako?" Anaimanga padzanja. "Ndipo zikanathera pati? Mawa akanabwera ndi mbale ina. Akanakuchotsa padoko, akanakulanda munda, ana ako n'kumadya chiyani? Ine ndatopa, Ajira. Ndatopa kumva dzina langa likutembenuzidwa kuseri kwa nyumba yanga yomwe. Madzi akatayika saoleka."

Ajira anawapempha kuti asamukire m'kanyumba kake, iye ndi ana azigona kukhitchini. Anakana. Munthu womasulidwa sagona pamudzi pa mkazi, anatero, ndipo sangafune kuti ana a pamudzi aziloza kuti uyo anapatsidwa njira koma akukakamira ngati nkhupakupa. Anam'funsa Ajira ngati angawachapire kanzu, poti ankafuna kukafika kwawo ali oyera.

Ajira anapalasa njinga yobwereka mpaka ku Malindi. Che Jaffalie anam'landira bwino, nam'patsa mpando, nati iwo sanagwire mbale iliyonse, anthu onse anaona amene anagwada. Ajira anabwerera osatsanzika. Panjira sanalire n'komwe, misozi nayo inali itatopa.

Che Sulemani ananyamuka Lachisanu atapemphera. Anapita kaye kumanda, kenaka kudoko, kumene anaima pang'ono. Katundu wa zaka makumi anayi anakwana m'chikwama chimodzi ndi mkeka wopempherera. Anthu amene anadya nsomba zawo chaka cha njala anatuluka kudzagwirana nawo chanza, aliyense akuti pepani, ndi mwambo. Matola asanafike pokhota, make Naima anali atayamba kale kusesa m'nyumba.

Panapita masabata angapo Ajira asanapeze mpata wokwera ku Katuli. Pofika nthawiyo khonde la nyumba ija linali litapakidwa penti wobiriwira, ndipo mawailesi a Zubair ankalira kuyambira m'mawa. Anamanga kathumba ka usipa ndi utaka wowamba, nakwera galimoto yodutsa ku Namwera. Kumtunda kunali mphepo yozizira imene anthu a kunyanja saidziwa, yolowa mpaka m'mafupa.

Mudzi wa bambo ake anaupeza movutikira. Alongo awo onse anamwalira kalekale, ndipo pamalopo panali zidzukulu za mlongo wawo wamkulu, anthu amene dzina la Sulemani ankangolimva m'nkhani. Sanali anthu oipa. Anawalandira, poti magazi sakanidwa, koma nyumba zawo zinali zodzaza kale, ndiye anawakonzera m'kachisakasa kosungiramo nandolo ndi makasu. Ankawatchula kuti agogo a kunyanja. Mayi wa pakhomopo anauza Ajira, mosadandaula kwenikweni, kuti agogowo savuta, kungoti chakudya amangochiyang'ana, ndipo usiku amakhosomola.

Anawapeza atakhala padzuwa, atatsamira khoma, atafunda bulangete pamwamba pa kanzu. Ajira anagwada n'kuwapatsa moni. Anali atachepa. Wotchi yokha ndiyo inali ndi thanzi, yopukutidwa bwino, ikugunda.

Anafunsa za ana, za mwera, ngati usipa ukugwa. Anafunsa ngati pamanda pakuseseredwa. Za nyumba sanafunse, ndipo Ajira sananene. Anawaphikira utaka mmene ankaukondera, wa mchere ndi tomato basi, ndipo anadya pang'ono kuti am'sangalatse. Anawauza kuti akufunafuna kachipinda ka lendi ku Malindi kapena ku boma, kumene kulibe dothi la mbumba, kuti adzawatenge mvula isanagwe. Che Sulemani anagwedeza mutu monga mmene munthu amavomerera nkhani ya mwana. Onse awiri ankadziwa mmene usipa ukugulidwira chaka chino.

Nthawi yoti Ajira azipita itayandikira, bambo ake anatulutsa dzanja m'bulangete.

"Iwe uli ndi maso abwino. Tandiboolera bowo lina palambayu. Ikumavuka ndikamatawaza kuti ndipemphere."

Ajira anaimasula. Mabowo a wosoka nsapato uja anali pamzere wake, osalala. Kupitirira pamenepo panali ena atatu, okhotakhota, akuda m'mbali, obooledwa ndi msomali wamoto, lililonse kulowera mkati kuposa linzake. Lomalizalo linali litayandikira kale chitsulo cha wotchi.

Anakazula msomali pachitseko cha kachisakasa kaja, nauika pamakala a kukhitchini mpaka utafiira. Pobwera anagwira dzanja la bambo ake kuti ayese pobowola. Dzanja limene linakoka chilimira zaka zonse zija analizunguliza ndi zala ziwiri, ndipo zalazo zinakumana, malo n'kutsalako.

"Boola, mwanangu," anatero Che Sulemani. "Msomali uzizira."